Regyuleta ya bulowa yapsa kachiwiri, ndikuphonya pati?

Wamawaya wa ku Biwi:
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru, apa zandikulira. Ndili ndi BMW 320i, E46 ya 2003, ija yobwera kuchokera ku Joni kalekale. Mwini wake ndi kasitomala wanga wa zaka zambiri, ndiye manyazi akundigwira kawiri.

Anabwera nayo mwezi watha akudandaula kuti m'mawa uliwonse batire ikumapezeka itagona, mpaka kujampitsa. Batire anali atagula yatsopano, alternator ikutchaja bwinobwino, 14.1 volts pa mita. Nditatseka zitseko n'kukhala pambali, ndinamva fani ya m'kati, bulowa ija, ikuzungulira yokha, kiyi ali m'thumba mwanga. Inkapuma pang'onopang'ono ngati munthu ali m'tulo. Ndinati basi, regyuleta, kachipangizo kolamulira liwiro la faniyo, yashota. Ndinagula ina, n'kuika, zonse zinayenda, munthu anapita akusekerera.

Patatha masabata atatu wabweranso. Tsopano fani ikumakwera ndi kutsika yokha, kenako zii. Ndinaika yachiwiri, ya ndalama zanga. Dzulo, masiku 9 okha atadutsa, foni ija yalira. Ndaichotsa m'mawa uno, ikununkha kupsa. Fyuzi ili bwino. Mota ndikaipatsa moto dayirekiti kuchokera ku batire ikuzungulira. Yachitatu ndagula kale koma ndikuopa kuika.

Mnyamata wa ku Mchesi:
Achimwene, masipeya a masiku ano ndi amenewo, bokosi lokongola m'kati mulibe kanthu. Ine ndikanangokoka waya kuchokera ku batire, kuika fyuzi ndi switch pansi pa chiwongolero, nkhani yatha. Akafuna mphepo akudina, akakhuta akuzimitsa.

Madala a ku Ndirande:
Aphwanga a ku Mchesi, switch yanuyo ikhale kaye m'thumba. Munthu wagula BMW kuti azidina switch ya nyale ya m'nyumba?

A ku Biwi, mwanena kuti mota ikuzungulira. Chabwino. Ngolo ya matayala ophwa nayonso imayenda, koma funsani ng'ombe. Funso langa ndi limodzi: ikukoka ma amps angati? Regyuleta imodzi kupsa pa galimoto ya zaka zoposa 20, ndi ukalamba, palibe mlandu. Koma ziwiri zatsopano m'mwezi umodzi, pali chimene chikuzipha. Yachitatuyo muisunge m'bokosi mwake mpaka mutandipatsa nambala.

Wamawaya wa ku Biwi:
Madala, ndinene zoona, sindinayeze. Mita yanga imathera pa 10 amps, ndikailowetsa pamenepo ndiotcha fyuzi ya m'kati. Clamp, mita ija yoyeza ma amps pongopanikiza waya, ndili nayo, koma ndangoyesa pompano pa waya wa mota ikungoonetsa 0.00, fani ikuzungulira.

Achemwali a mawaya ku Zomba:
Clamp yanuyo ndi ya AC yokha, achimwene, ija ya anzathu a mawaya a m'nyumba. Pa galimoto singakuuzeni kalikonse. Tayang'anani pa dayalo: yofunika ndi yokhala ndi A yokhala ndi kamzere kowongoka pamwamba, komanso batani lolembedwa zero. Kabwerekeni, ku Biwi konseko sikungasowe munthu mmodzi amene ali nayo. Mudine zero musanapanikize, ndipo mupanikize waya mmodzi yekha. Mukagwira onse awiri pamodzi iwerenganso 0.

Ndifotokoze chifukwa chimene madala akukakamirira pa ma amps. Regyuletayi ine ndimaitcha kanungu, chifukwa cha minga yake ya aluminiyamu ija. Minga imeneyo si yokongoletsa. Kanunguyu amachepetsa liwiro la fani pomeza gawo lina la voteji, ndipo chimene wamezacho chimasanduka kutentha. Tiyerekeze fani ili pakatikati: mota yatenga 7 volts, kanungu wameza 7 zinazo, ndipo mukudutsa 7 amps. 7 kuchulukitsa ndi 7 ndi 49 watts. Ndi kutentha koyandikira kwa babu la hedilaiti, m'kachinthu kosakwana chikhatho. Tsono mota ikakhala yolimba, n'kumakoka 11 kapena 12 pa malo omwewo, werengani nokha.

N'chifukwa chake amazunzika kwambiri pa liwiro lapakati, osati lomaliza. Pa lomaliza amangotsegula njira yonse, sameza zambiri. Kasitomala wanu amakonda kuiika pati fani?

Wamawaya wa ku Biwi:
Pakatikati penipeni, tsiku lonse. Amati ikakwera imasokosa, sakumva wailesi.

Mnyamata wa ku Mchesi:
Ndiye ndi fyuluta imeneyo. Ikatsekeka ndi fumbi mota imavutika kukoka mphepo, n'kumadya moto wambiri. Sinthani fyuluta muike yachitatuyo.

Achemwali a mawaya ku Zomba:
Fyuluta aione ndithu, koma chifukwa chake si chimenecho, aphwanga. Fani ya mtundu uwu, ya gudumu la timapiko tambirimbiri, mukaitseka kukamwa ma amps amatsika, sakwera. Ilibe mphepo yoti ikankhe, ndiye imapepukidwa, n'kumalira mokweza ngati ikuthamanga. Kayeseni nokha ndi katoni pa bulowa iliyonse muli ndi clamp. Vuto la fyuluta yotsekeka ndi lakuti kanungu amakhala m'njira ya mphepo yomweyo, ndipo ndi mphepo imeneyo imene imamuziziritsa. Mphepo ikachepa, amaphikika. Ndiye mwalondola pa wolakwa, mwaphonya pa mlandu wake.

Mnyamata wa ku Mchesi:
Eee, apo ndaphunzirapo. Zaka zonsezi ndimauza makasitomala zosiyana.

Wa maminibasi ku Mzuzu:
Ine za BMW sindizidziwa, kuno ndimagwira ma Hiace ndi ma Corolla, koma matendawa ndi apachibale. Pa Toyota zakale za kabatani kopotokola, 1 mpaka 4, mulibe transistor ngati mu regyuleta ya BMW, muli rezisita chabe. Ikafa, fani imagwira pa 4 pokha, chifukwa pa 4 moto sudutsa mu rezisita. M'marezisita ambiri muli kafyuzi kakutentha, ndipo nthawi zambiri kamene kamaduka ndi komweko. Anyamata amangokalumphitsa ndi kawaya, galimoto n'kutuluka. Ndinaonapo bokosi la hita litasungunuka ngati phula chifukwa cha kawaya kameneko, dalaivala akuti amamva fungo kuyambira ku Ekwendeni koma ankaganiza kuti ndi katundu wa pasenjala.

China chimene chimasocheretsa anthu pa Toyota: moto umafika pa mota nthawi zonse kiyi akakhala on ndi relay itagwira, chimene chimasinthidwa ndi mbali ya earth. Ndiye munthu amagunda tesita pa mawaya onse awiri, pulagi ili m'malo mwake, n'kupeza moto konsekonse, amvekere mota yashota. Ayi, mota ili bwino, yangosowa njira yopitira ku earth. Ndangodutsa nazo, mwina zithandiza wina.

Wa ku Joni:
Moni nonse kumudzi. E46 kuno tazigwira zambiri, zinkapangidwa konkuno ku Rosslyn, kufupi ndi Pretoria, ndiye m'masikirapu zilimo. Achimwene a ku Biwi, mukuti mwaipatsa moto dayirekiti, koma kodi motayo mwaiona ndi maso? Ndikufunsa chifukwa pa galimoto imeneyi bulowa sili pansi pa dashibodi ngati pa Corolla. Mumaifikira kuchokera ku injini. Tsegulani boneti, chotsani fyuluta ili m'munsi mwa galasi lakutsogolo, chotsani bokosi lake lonse, kenako chivundikiro cha pa khoma lolekanitsa injini ndi m'kati. Mota ili pakati, magudumu awiri uku ndi uku pa shafti imodzi.

Magudumuwo muwagwire ngati mazira. Pulasitiki ya zaka zimenezo ndi yofwamphuka, kapiko kamodzi kakathyoka fani izinjenjemera dashibodi yonse. Ndipo muone timabowo totulutsa madzi pa bokosi la fyuluta. Tikatsekeka ndi masamba, madzi a mvula kapena a ku car wash amasefukira m'kati, n'kukafika pa mota.

Zoti inkazungulira kiyi atachotsedwa musadabwe nazo. Regyuleta imeneyo imalandira moto wa batire nthawi zonse, sidikira kiyi. Pulagi yake ili ndi mawaya asanu: wamoto, wa earth, awiri opita ku mota, ndi kamodzi kakang'ono kochokera ku panelo ya eyakoni. Kakang'onoko ndi kamene kamaiuza liwiro. Transistor ikashota m'kati, siimveranso za aliyense.

Wamawaya wa ku Biwi:
Sindinaione, achimwene. Ndinangolowetsa moto pa mawaya awiri aja pa pulagi ya regyuleta, nditamva mphepo ndinati ili bwino. Ndikupita kukabwereka clamp.

Madala a ku Ndirande:
Mukakaisowa, tengani waya wonenepa ndi chogwirira fyuzi, muyese ndi ya 15, kenako ya 20, kenako ya 25, muone imene ipirire. Ife tinakulira momwemo. Koma dziwani kuti fyuzi ndi yaulesi, ya 20 siduka pa 21, imatha kupirira nthawi yaitali itapyola pang'ono. Ndiye ingokupatsani chithunzithunzi. Ndi chifukwa chomwecho fyuzi ya galimotoyo sinaduke: anaiika kuti iteteze waya kuti asayake, osati kuteteza regyuleta.

Mafani ambiri a magalimoto aang'ono amakoka pakati pa 10 ndi 20 amps pa liwiro lomaliza. Musayeze masekondi asanu n'kuthamangira kudzatiuza. Isiyeni izungulire mphindi khumi itenthe. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Wamawaya wa ku Biwi:
Ndabwera nazo. Clamp ndabwereka kwa mnzanga wa ma solar. Moto dayirekiti, injini ikuyenda, mota ili m'malo mwake: inayamba pa 21. Patatha mphindi zisanu 24. Pa mphindi khumi 27, ndipo waya wanga wojampira watentha moti sungamugwire. Ndazimitsa.

Ndatsegula monga anenera a ku Joni. Abale inu. Fyuluta yakuda bii, yolemera ngati njerwa, sindikudziwa kuti inasinthidwa liti. Pansi pa bokosi pali matope ouma ndi masamba a mango, galimotoyi imagona pansi pa mtengo. Shafti mbali imodzi yachita dzimbiri lofiirira. Ndikapotokola gudumu ndi chala likuima pomwepo, silikupitirira ngakhale theka. Makaboni odutsitsa moto m'kati mwa mota atsala tizidutswa, ndipo kopa wa pamene amakhudza paja wakumbika ngalande.

Madala a ku Ndirande:
Ndi ameneyo mfiti wanu. Mota yabwino mukaikankha ndi chala imapitirira yokha kangapo. Iyi bushi, momwe shafti imazunguliramo, yauma, ikatentha ikumagwira shafti, n'chifukwa chake nambala ikukwera m'malo mokhazikika. Mota ikamalephera kuthamanga imakoka moto wambiri, moto wonsewo ukudutsa mwa kanungu wa achemwaliyu, amenenso alibe mphepo. Ataphedwa awiri okha ndi mwayi.

Achemwali a mawaya ku Zomba:
Musatseke mlandu, pangakhale wina wobisala. Ma amps amenewo akhala akudutsa pa pulagi miyezi ingati? Iwalitseni ndi tochi. Onani ngati pali pini yosintha mtundu, kapena pulasitiki yofufuma m'mbali mwake. Kenako tengani pini yaimuna yofanana kukula, muilowetse m'bowo lililonse. Izigwira molimba. Ikangolowa lobodo, chitsulo chafooka ndi kutentha.

Ndipo musakhulupirire 12 volts ya pa mita popanda katundu. Mita sikoka kanthu, ngakhale kawaya kamodzi katatsala pa mawaya onse a m'kati idzakuonetsani 12 yokongola. Lumikizani babu la hedilaiti, H4 ija, pakati pa wamoto ndi wa earth pa pulagiyo, limakoka pafupifupi 5 amps. Lili chiyakire, yezani kuchokera pa pini ya earth kukafika pa chitsulo choyera cha bodi, kenako kuchokera pa positivi ya batire kukafika pa pini yamoto. Batire ili ku buti, ndiye gwiritsani ntchito pojampira paja pa ku injini. Mbali iliyonse isafike theka la volt. Ndipo mugwedeze pulagi mukuyang'ana mita.

Wamawaya wa ku Biwi:
Achemwali, mwalosera. Pini imodzi yonenepa yachita khofi, pulasitiki yozungulira yakwinyika. Ya earth. Ndi babu, yawerenga 0.4 pulagi ili phee, ndikagwedeza ikudumpha mpaka kupyola 1, babu likuphethira. Mbali yamoto ili bwino, 0.2. Ndayang'ananso maregyuleta awiri akufa aja, onse pini yomweyo yada.

Ndiululenso china, poti tili tokhatokha. Poika yachiwiri ija ndinaisiya ikulendewera panja pa bokosi, fani ikuzungulira, mwina mphindi zisanu kapena kuposa, ndikuonetsa kasitomala kuti taonani zikugwira. Nditaigwira inandiotcha chala.

Wa ku Joni:
Hahaha, achimwene, munaiphika nokha musanaipereke! Panja pa bokosi palibe mphepo yodutsa pa minga ija. Kuyesa kwa panja ndi masekondi ochepa chabe. Koma musadandaule, tonse tinachitapo, kungoti ena sitinena.

Mnyamata wa ku Mchesi:
Ndiye sipeya ija sinali feki?

Achemwali a mawaya ku Zomba:
Mwina inali yofooka, mwina ayi, panopa sitingadziwe. Zotchipa zina zimakhaladi ndi transistor yaing'ono ndiponso phala loyera lija lopititsa kutentha ku aluminiyamu amaika lochepa. Koma m'galimoto imeneyi ngakhale yabwino kwambiri ikanafa, kungoti mochedwerapo. Ndikanakhala wogulitsa, mukanabwera kudzabweza ndikanakufunsani funso la madala lija.

Madala a ku Ndirande:
Tsono za mota. Ine sinditaya chinthu msanga. Itsukeni shafti ndi sandipepala wosalala, mudonthezere oyilo wopepuka pa bushi, alowe m'kansalu kaja kosunga oyilo. Osati girisi, ndipo osati sipuleyi yomasulira mabawuti, imeneyo mawa yauma. Makaboni mupeze ofanana kapena okulirapo pang'ono muwapale ndi fayilo. Ndadzutsa zambiri motero, zina zikuyendabe mu Limbe muno.

Achemwali a mawaya ku Zomba:
Madala, ndi ulemu wonse, apa ndikutsutsani pang'ono. Pa Corolla, pamene mota imatuluka ndi masikuluwu atatu utagwada pansi pa dashibodi, ndingavomere, ikavutanso ndi ntchito ya mphindi khumi. Koma apa akuti kopa wakumbika ngalande. Makaboni atsopano pa kopa wotero amathetheka moto ndipo satha miyezi. Komanso makaboni a guraindala kapena a dirilo amene anyamata amakonda kupala si ofanana ndi a mota ya 12 volts, a galimoto amakhala osakaniza ndi kopa kuti adutsitse ma amps ambiri. Achimwenewa alipira kale regyuleta ziwiri m'thumba mwawo. Yachinayi agula ndani?

A ku Biwi, gwedezani shafti m'mwamba ndi pansi. Ikamagogoda, bushi yadyeka, oyilo sangabwezeretse chitsulo.

Wamawaya wa ku Biwi:
Ikugogoda mbali ya dzimbiri ija. Pang'ono, koma ikumveka.

Madala a ku Ndirande:
Basi ndagonja, mwana wanga. Ikagogoda ndiye yapita. Koma ya kaunjika imene mukagule muiyeze pomwepo musanapereke ndalama, munyamule batire ndi clamp. Muinunkhizenso, ndipo muone ngati magudumu sanathyoke. Ena amangoipukuta ndi dizilo kuti iwale.

Pulagi musaipinde ndi singano n'kuibwezera. Chitsulo chikapsa kamodzi sichigwiranso. Dulani, muike ina yokhala ndi mawaya ake, mudule mpaka pamene kopa akuwala, wakuda uja sagwira mtovu. Ndipo kulumikiza kwa mawaya onenepa amenewo si kopota ndi zala n'kukulunga tepi.

Wa ku Joni:
Mukagula ya kaunjika mupemphe adule ndi pulagi ya regyuleta ya galimoto yomweyo, asiye mawaya otalika ngati chikhatho. Kawirikawiri amangokupatsani. Pobwezera mota, onetsetsani kuti yakhala bwino pa mpando wake musanatseke chomangira chija, kenako pukusani ndi dzanja mumve ngati gudumu likukhula bokosi. Mukatseka zonse n'kuzamva kwee kwee, mudzalira.

Pomaliza muyezenso kuba kwa batire, poti nkhani inayambira kumeneko. Galimoto imeneyi imatenga mphindi 16 kuti igone tulo mutatseka zonse. Muyeze pambuyo pake, izikhala pansi pa 50 milliamps. Clamp yaikulu ija siiona bwino tinambala tating'ono chotero, apa ndiye pogwiritsa ntchito mita yanu ya 10 amps, koma musatsegule chitseko kapena kuyatsa kiyi ili pamzere.

Wamawaya wa ku Biwi:
Akuluakulu, ndabweranso patatha masabata awiri, ndimafuna ndione kaye ngati foni ilira. Sinalire.

Mota ndinapeza ya kaunjika, yoyamba ndinaikana chifukwa inali ndi mapiko awiri othyoka, yachiwiri ndinatenga. M'malo mwake, fyuluta yatsopano, liwiro lomaliza, yakhazikika pa 15 amps, mphindi khumi osasuntha. Pulagi ndinasintha, earth tsopano ikuwerenga 0.1 ngakhale ndigwedeze. Kawaya kakang'ono kochokera ku panelo ndinakayezanso ndisanaike regyuleta, voteji ikukwera bwinobwino sitepe ndi sitepe ndikamadina batani, ndiye panelo ilibe mlandu. Timabowo ta madzi ndatsegula, ndinathira ndowa yathunthu pagalasi, onse atuluka pansi. Itagona ikukoka 30 milliamps.

Kasitomala akuti mphepo ikutuluka pa sitepe yachitatu ikuposa imene ankapeza pa yomaliza, ndipo m'mawa galasi silikuchitanso nthunzi. Mota ndi fyuluta walipira yekha mosanyinyirika nditamuonetsa fyuluta yakale ija, anaigwira n'kungoti mayo. Regyuleta yachiwiri ndi yachitatu ndameza ndine. Zoimika pansi pa mango wakana kusiya, akuti mthunzi wake ndi womwewo.

Mnyamata wa ku Mchesi:
Achimwene, maregyuleta akufa aja musataye, ndidzadutsa Loweruka ndidzatenge. Ndikufuna ndiwatsegule ndione m'katimo. Ndi mota yakale yomwe, ngati madala sakuifuna.

Madala a ku Ndirande:
Tengani, aphwanga, koma magudumu ake mundisungire. Ndipo a ku Biwi, clamp ya eni ake ija mwabweza?

Wamawaya wa ku Biwi:
Ikadali kuno, madala. Pabwera Sienta, nayonso fani ikugwira pa 4 pokha.